Kumata Ng'anjo kwa M'baluku

Limu ya lole ndinaigula kwa Che Saizi,
theka ndalama, theka malonjezo.
Yagona chagada kuseri kwa nyumba, kukamwa yasa,
dzimbiri lili psuu.
Chitsulo chimene chinkakwera phiri la Chowe chikubuula
lero chaphunzira kukhala pansi,
monga ine amene basi ya ku Joni
inanditula ndi jumbo imodzi.

Koyamba ndinamata ndi matope a kudambo,
onyowa, phamaphama, ngati womata nkhokwe.
Che Ajusa anali atakhala kale pa njerwa,
nkhwangwa yobuntha ili pamwendo:
"Mawa ndi Lachisanu, ine sindidikira."
Ndinayatsa tsiku lomwelo.
Dothi linayamba kung'ung'udza, thi, thi,
kenako phuu!
Chibanthu china chinagwera mu ndowa,
china chinandilemba apa, pansi pa diso.
Che Ajusa anatola nkhwangwa yawo osatsanzika.

Ulendo uno ndayambira pachulu.
Chiswe chinatafuna kale dothi ili,
chinalilavulira malovu zaka zambiri,
ine ndangoba ntchito ya eni ake.
Mabeseni atatu.
Zidutswa za njerwa zootcha ndasinja mu mtondo wa Dunia,
iye atapita kumjigo,
ndipo mlanduwo ukadalipo mpaka pano.
Mabeseni awiri, osefa pa neti yakale ya udzudzu.
Phulusa beseni limodzi.
Mankhusu a mpunga a kuchigayo, manja anayi,
kuti akapsa asiye timayenje
momwe dothi lizipumira.

Madzi pang'ono. Pang'ono kwenikweni.
Dzanja limafuna kuthira ena, ndalimenya.
Ndaponda ndi chidendene mpaka thukuta
lalowa nawo m'msanganizo.
Ndafumbata chibulumwa, ndachifinya:
sichikudontha, sichikuyoyoka,
ndikachinyema chikugawika pawiri, mwaulemu.

Pa dzenje la mphepo ndatsekera chitsononkho.
Ndiye kumata, kuchokera pansi kukwera m'mbali,
zala zitatu kuchindikala,
kusindikiza ndi chibakera, kugogoda ndi mpini,
kuti pasatsale mpata wobisalamo mpweya.
Pakati ndaumba kachigwa ngati chikhatho chopempha,
m'menemo ndi momwe makala adzasonkhanire.
Ndabayabaya ndi sipoko ya njinga.
Twaibu, mwana wanga, wadinda chala chake m'mphepete
ine nditacheuka.
Ndachisiya.

Tsopano ntchito yovuta: kusachita kanthu.
Dzuwa la kuno silinyengerera,
limaumitsa khungu m'kati mukadali phala,
choncho ndafunditsa chiguduli chonyowa,
ndakokera pansi pa mtengo wa nimu.
Tsiku loyamba nkhuku inapondapo, ndinakonza.
Lachitatu kunaoneka ming'alu yonga tsitsi,
ndinaimwetsa phala la dothi ndi nthenga.
Lachisanu ndinagunditsa tsaya langa:
kukuzizirabe. Madzi akadali m'kati, akubisala.

Masipuling'i a galimoto aunjikana pakhonde,
m'mimba mwawo muli zikwanje, makasu, akasemasema.
Wilo la njinga lopukusira mphepo
ndalithira oilo kawiri popanda chifukwa.
Dunia akuti ndimayang'ana ng'anjoyi
kuposa momwe ndinamuyang'anira pa ndowa yathu.

Lero, tsiku lachisanu ndi chinayi,
ndayatsa timitengo, kamoto kowotha mwana.
Nthunzi yatuluka m'timabowo ta sipoko, yopyapyala,
ndatchera khutu ngati mzamba.
Palibe thi.
Mawa ndiwonjezera makala pang'ono,
mkuja ndipukusa wilo mpaka dothi lifiire
ndi kulira ngo ngati mphika wakupsa.

Che Ajusa adutsa m'mawa uno panjinga.
Sanaime, koma anachepetsa liwiro.
Pa kaliyala panali nkhwangwa ija,
yomangidwa ndi mphira, yobunthabe.