Pensulo ya Pachingwe

Kuno ku Coventry amavota Lachinayi.
Palibe tchuthi, palibe mzere wa mbandakucha,
palibe inki ya pachala yokaonetsa anzako kumsika.
Basi ikudutsa monga dzulo,
mvula yamawawa ikunyowetsa chikwangwani
chomangidwa pampanda wa sukulu yamkaka.

Ndikukankha chikuku cha Bambo Tranter,
zaka makumi asanu ndi anayi kudza chimodzi,
bulangete pamaondo, tayi pakhosi.
Akuti munthu sapita kukavota ngati akukataya zinyalala.
Ndevu ndawameta ndekha m'mawa uno.

"Ima apa, Ndaziona."
Taima pa sitolo ya matayala.
Apa panali geti la fakitale, akutero,
wezulo ikalira anthu ankatuluka ngati ngumbi,
njinga zokhazokha, msewu wonse ngiringiri.
Atate awo ankavotera ofiira
monga munthu amavalira nsapato, osayang'ana.
Amayi awo sankanena kanthu.
Atamwalira, m'Baibulo mwawo munapezeka kapepala ka abuluu,
kopindidwa kanayi, kali phee pa Masalimo.

Chaka chomwe geti linatsekedwa ndi unyolo
anthu anavota ndi mkwiyo, ena anakhala kunyumba
kuyang'ana khoma.
Usiku umenewo anawerenga katatu mpaka kunja kuyera,
ndipo wopambana anaposa mnzake
ndi anthu ongodzaza mabasi awiri.
"Ndinali m'basi imodzi mwa iwo," akuseka,
chifuwa chikuwadula mawu.

Kenaka kunabwera a mapu.
Munthu wina wa rula, amene sanapondepo msewu uno,
anaung'amba pakati ngati nsalu ya pamsika.
Gurdial Sohal wa tsidya linalo,
mnzawo wokangana naye zandale zaka makumi atatu,
anagona m'dera lathu n'kudzuka m'dera la eni,
bedi osasuntha.
Mkangano unazilala kuyambira pamenepo.
Mungakangane bwanji phungu wanu ali wosiyana?

Dera lasintha dzina kangapo, akuti,
koma dzenje la pamphambano likadali lomwe lija.
Aliyense wofuna mpando amadzajambulitsa pambali pake,
chala chikuloza pansi, nkhope yachisoni.
M'nyumba za amisiri muli ana a kuyunivesite tsopano,
amavota lero, pofika chilimwe anyamula zikwama.
Pawindo lina pepala lachikasu, pena lobiriwira,
pambiri makatani okha.

Inenso dzina langa lili m'kaundula,
lolembedwa ndi chilembo chimodzi chosowa.
Voti yanga yoyamba ndinaponya ku Ndirande,
dzuwa likuswa mtengo, mwana kumsana,
tikukankhana ngati pachigayo.
Kuno kuli zii. Mayi wa magalasi akudula dzina ndi rula,
wina akumwa tiyi wa m'fulasiki,
pakhoma pali njovu zojambula ana, za miyendo isanu.

Ndawalowetsa m'kachipinda kathabwa kafupi,
ndawapatsa pensulo, yomangidwa chingwe ngati mbuzi,
ndatembenuka kuyang'ana njovu.
Ndikumva dzanja likunjenjemera papepala.
Achedwa.
Achedwa ngati akuwerenga kalata yochokera kumanda,
ngati atate ali kudzanja lamanja, amayi kumanzere,
ndipo Gurdial, amene tinamuika chaka chatha,
akusuzumira pamwamba pa thabwa.

Pepala lalowa m'bokosi lakuda popanda phokoso.

Panja mvula yakata. Galu womangidwa pageti
akudikira mbuye wake.
Ndawafunsa mwanthabwala, "Ndiye mwapatsa ndani?"
Akonza tayi, ayang'ana kutsogolo.
"Sudzadziwa. Ndine mwana wa amayi anga."

Tikubwerera. Mankhwala awo ndi a thu koloko.
Mawa m'mamawa wailesi idzatchula dzina ndi manambala,
ine ndikusintha zofunda m'chipinda chachisanu ndi chiwiri,
iwo mwina ali m'tulo, pakamwa yasa,
tayi ili pamsana pa mpando.
Ndidzaimirira pakhomo ndi mtanda wa matawulo
kuganiza ngati ndiwadzutse.