Chisanu cha m'Kalingalinga

Okutobala wakhala pamalata ngati mwini nyumba wodikira lendi,
ine m'kati, malaya ndavula,
ndikupanga chisanu.

Tisauke anabwera Lachiwiri ndi filimu yake m'kachikwama.
Mphindi zinayi ndi theka:
mnyamata wa ku Katete akutsika sitima m'dziko loyera mbuu,
sutikesi m'manja, womulandira palibe.
"Apa," anatero akuloza ndi kiyi wa galimoto,
"ndikufuna Rasha. Zingwe zolemera, mabelu a tchalitchi,
amuna a mawu ochokera pansi pa nthaka.
Chisanucho ndichipeze Lachisanu."

Oimba anga makumi asanu ndi atatu
amagona m'laputopu yosweka pakona.
Sadya, sapempha ya minibasi,
sadandaula kuti chipinda chilibe siling'i.
Ndikagunda kiyibodi ndi chala chimodzi
mavayolini onse amadzuka pamodzi ngati asilikali.
Ndikachotsa chala amafa pamodzi.

Magetsi amabwera pakati pa usiku ngati mwamuna wa mitala,
n'kuchoka tambala asanalire.
M'maola amenewo ndinaunjika machelo pansi,
malipenga pamwamba, balalaika akunjenjemera chapakati,
ng'oma zazikulu zikugunda patali ngati mvula yokana kufika.
Ndinamvetsera. Zonse zinali m'malo mwake,
monga mipando ya m'sitolo yosakhalidwapo ndi munthu.

Lachinayi a Njobvu, okonza mafiriji kuseri kwa mpanda,
anadzabwereka chingwe cha magetsi.
Ndinali nditaiwala kuti chipewa chaubweya
chopachikidwa pamsomali m'shedi mwawo
chinabwera nawo kuchokera komweko,
kumene anaphunzira zaka zisanu ndi chimodzi ali mnyamata.
Ndinawaveka mahedifoni.
Anatsinzina, girisi ali m'zikhadabo.

"Anthu akowa sapuma?
Woliza lipenga ali ndi mapapo, mwana iwe.
Kumeneko mpweya wa munthu umaoneka ndi maso.
Ndiye chisoni wathira chambiri ngati mchere wa wophunzira kuphika.
Tsiku limene ndinafika sindinalire ine.
Ndinkamvetsera nsapato zanga:
chipale chimalira ngati ukuponda makoko ouma a chimanga,
kwichi, kwichi,
ndipo ndinaseka ndekha pasiteshoni.
Kulira kunabwera mwezi wachitatu,
nditalota mango."

Anatenga chingwe napita.

Usiku umenewo ndinayamba kuwononga.
Ndinaboola timipata m'malipenga kuti apume.
Mavayolini achiwiri ndinawachedwetsa pang'ono
ngati ana otsalira pamzere wa sukulu.
Chelo mmodzi ndinamupotoza khosi, aphonye mawu ndi kachidutswa ka tsitsi.
Mphindi yoyamba ndinachotsamo onse,
kutsala chitoliro chimodzi chodabwa
ndi makoko a chimanga amene ndinapempha kwa mayi wootcha pamsewu,
ndikuwaponda pasimenti, foni ili pansi ikujambula.

Amuna a pansi pa nthaka okha anakana.
A m'kompyuta ankaimba ngati sanaikepo maliro.

Mbandakucha ndinagogoda pashedi.
Ndinawafunditsa bulangete a Njobvu, kutentha konseku,
kuti phokoso la msewu wa Alick Nkhata lisalowe,
ndipo anang'ung'udza mawu amodzi okha, aatali,
otsika mpaka kapu inanjenjemera patebulo.
Ndinawachulukitsa kakhumi ndi kawiri.
A Njobvu khumi ndi awiri, mapewa ogundana,
ataima m'chipale chimene ine sindinachionepo.
Galu wa kwa a Miti anauwa kumapeto.
Ndinamusiya momwemo, patali, kuseri kwa mabelu.

Lachisanu Tisauke anakhala pandowa yovundikira,
thukuta likutsika m'khosi.
Mnyamata uja atatsika sitima, iye anadzisisita m'mikono.
"Kwaya iyi waigula zingati?"

Ndisanayankhe magetsi anathima.
Kuseri kwa mpanda tinamva sipanala ikugwa pansi,
ndi mawu aja, amodzi okha tsopano,
akutukwana firiji ya munthu wina
m'chinenero chimene tonse awiri sitinachimve.