Mzere wa Pakhoma

Kwathu ku Makhanga netiweki imagwira pachulu,
ndiye ndaima pamenepo masana onse
ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo,
foni m'mwamba, thukuta likuyenderera kumsana,
kudikira makalata atatu atseguke.

Atseguka. Onse akuti bwera.

Glasgow. Rotterdam. Dhaka.
Mayina owaima amayi pakhosi
ngati minga ya mphende.

Zuze, mlongo wanga, watsamira kabaza wake,
sakufuna n'kumva zambiri.
"Luwiza, tenga kumene kuli mpira,
ukanditumizire jezi, anthu andione pa Bangula."

Bambo amawerengera chilichonse m'ng'ombe.
Fizi akuti alipira eni ake, chabwino,
nanga chipinda? Nanga jekete la chisanu?
Apinda zala, azitambasula, apindanso.
M'khola zatsala zinayi,
ndipo yachinayiyo imatsimphina.

Amayi afunsa zawozawo, maso ali pa thonje lomwe akusankha:
"Kumeneko dzuwa limatuluka?
Ukadwala usiku, ukagogoda chitseko cha yani?"
Ndafufuza m'foni monse.
Muli mitengo ya basi, muli zithunzi za laibulale,
muli ophunzira oseka pa kapinga wometedwa bwino.
Za chitseko mulibe.

Usiku kutentha kwatitulutsa panja.
Udzudzu ukuimba mlandu wake wakale,
ine tulo tandithawa.
Ndalowa m'nyumba, ndayatsa tochi,
ndipo uli pomwepo,
mzere wofiirira wozungulira khoma lonse,
wondifika pachifuwa.
Pamwamba pake pali wina, wodutsa zenera.
Laimu tapaka kawiri. Umabwerabe.

Woyambawo ndinali Folomu 2.
Ruo anabwera osaodira, nkhuku zisanalire,
anakumana ndi Shire pabwalo pathu
ngati anapangana.
Makope anga ndinawayanika padenga la kalasi kumsasa,
inki itasungunuka, masamu onse asanduka mitambo.
Wachiwiriwo sindiukamba.
Unatenga ng'ombe khumi ndi ziwiri, ndi mwana wa a Jofilisi.

Ndiye ndaifunsa mizinda itatuyo funso limodzi:
madzi akakwera, inu mumatani?

Glasgow yandionetsa maambulera.

Rotterdam yandionetsa zipata zachitsulo
zotsekera nyanja kunja ngati mlendo wopanda ulemu.
Ndaziyang'ana nthawi yaitali, mtima ukusirira.
Kenaka ndawerengera monga bambo,
ndapeza kuti ng'ombe zonse za m'chigwa chino,
kuchokera ku Thabwa mpaka ku Marka,
sizingagule ngakhale loko wake.

Dhaka sinadzikongoletse.
Utsi, phokoso, njinga zothithikana mumsewu,
ndipo pachithunzi china, kunja kwa mzinda,
mayi wakweza chitenje m'maondo,
wasenza mbaula pamutu, akuwoloka bwalo lake lomwe.
Kumbuyo kwake kuli khoma.
Ndakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri.
Mzere uli pomwepo.

Kutacha ndanena.
Zuze waseka mpaka kabaza wagwa:
"Kuthawa madzi n'kukagwera m'madzi!
Anzako akupita kwa azungu, iwe ukusankha matope?"
Amayi angoti, "Bola kuli dzuwa,"
koma thonje laima m'manja.

Mwina ndalakwa, sindikudziwa.
Mwina ndikalira ndi tsabola wa kumeneko,
ndikasochera pakati pa zilembo zosawerengeka,
ndikasowa wondiyankha ndikati "mwaswera".
Koma ndikufuna aphunzitsi amene nsapato zawo zinanyowapo,
amene amadziwa kuteteza mudzi
ndi nsungwi, dothi ndi ndalama zochepa.

Ndakweranso pachulu, batire latsala pang'ono.
Ndadina. Kagudumu kazungulira, kazungulira,
kaima.

Nditatsika ndapeza bambo m'nyumba,
chingwe cha ng'ombe chili paphewa,
dzanja lili pamzere wapamwamba uja.
Sanatembenuke.
"Ukabwerako," atero,
"udzandiuze zoona, usadzandinyengerere:
timangenso pompano,
kapena tisamuke."