Mlonda wa Chipinda Chachitatu

Lachinayi ndilo tsiku la ophunzira.
Ndimawatsegulira chitseko chagalasi nthawi ya teni,
mphepo ya Juni n'kulowa nawo kuchokera mumsewu wa Jorissen
ngati galu wotsata alendo.
Amaima kutsogolo kwa chithunzi chachikulu chija
cha amuna asanu ndi awiri pansi pa mgodi,
ine pakona panga, makiyi m'lamba,
chaka chachinayi tsopano ndikupenya utoto womwewo
maola khumi ndi awiri patsiku.

Lero Pulofesa Moloi akuti mwini nkhani ndi mdima,
anthuwo angobwereka malo.
Dokotala Pretorius avula magalasi, apukusa mutu:
wojambulayu anali wa ku Parktown,
chifundo chake chinali cha pawindo,
sanawapatse nkhope poti sankadziwa mayina awo.
Akangana mpaka tiyi kuzizira.
Ana alemba zonse ziwiri,
sadziwa adzachonge mayeso ndani.

Sindikunyoza. Nanenso ndinagwirapo choko,
zaka zisanu ndi zinayi ku Bembeke,
kuphunzitsa ana kusenda ndakatulo ngati chinangwa
ndi kulawa kaye asanaponye mumphika.
Ndinkati: musangoti yakoma, lozani pamene yakomera.
Malipiro ndiwo anandikweza basi.

Koma taonani wachitatu kuchokera kumanzere,
wa fosholo uja.
Waima chilili, msana woongoka ngati mlongoti,
wagwira mpini ngati tsache la m'tchalitchi.
Amalume anga a Kaphwiti anapita ndi Wenela,
anabwerako ndi bokosi lachitsulo, bulangete
ndi chifuwa chimene chinawaperekeza kumanda.
Anandionetsa pansi pa nkhokwe, atagwada,
momwe fosholo amaikankhira ndi ntchafu
pamene thanthwe likukhudza pankhongo.
Anati kumeneko munthu saima,
amaiwala ndi kutalika kwake komwe.

Zaka zinayi ndasunga mlanduwu m'kamwa.

Onse atatuluka watsala mmodzi,
Refilwe, wa jekete yothothoka zigongono.
Akuti: Malome, inu mumachiona tsiku lililonse,
mumaonamo chiyani?
Ndayang'ana kaye kamera ya kudenga,
kenaka ndagwada pasimenti, ndamuonetsa.
Ndati wojambulayu sanatsikepo pansi,
wanama ndi msana uwo.

Wakhala chete, cholembera pamlomo.
Akuti mwina n'zoona sanatsike.
Kapena anatsika, anaona,
n'kuganiza kuti pansalu pokha
awalole aimeko.

Limenelo sindinaliganizepo.
Landilowa ngati mchenga munsapato.
Kodi kumuimika munthu amene anakwawa
n'kumulemekeza kapena kumubera umboni?
Amalume akadasankha chiti,
kuonedwa ataima kapena kukhulupiriridwa?
Ine mphunzitsi ndasowa choyankha,
ndipo kusowako kwandikomera
kuposa chilichonse chaka chino.

Akuti alemba zimenezi m'pepala lake la digiri,
ayika dzina langa m'munsi mwa tsamba,
m'timalemba ting'onoting'ono tija
momwe akatswiri amathokozerana.
Ndine yani?

Chitupa changa chinatha mphamvu mwezi wa Malichi.
Dzina lolembedwa limayenda lokha,
sudziwa likagogoda pa ofesi ya yani.
Ndati lembani Kaphwiti,
K wamkulu, h pambuyo pa p,
mudzi wa Kanyenda, nambala ya mgodi ndinaiwala.

Madzulo pamzere wa takisi ku Bree
wogulitsa malalanje akukuwa, utsi wa chimanga m'maso,
ndapezeka ndikuongola msana.
Pansi pa phula ili, akuti, n'mphako zokhazokha,
mzinda wakhala pamwamba pa malo amene anthu anachotsamo.

Mawa ndilowa sikisi.
Ndiyamba ndayatsa magetsi a chipinda chachitatu
ndisanasaine m'buku,
ndikaonenso manja aja.
Sindinavomere ayi.
Mpini uja waugwirabe molakwika.