Bafa Lopanda Madzi

Kusukulu kwathu, pamtunda pa doko la Labuan Bajo,
kuli chipinda chomwe munthu sanagonemo.
Bedi lake n'lalikulu kuposa bwato la atate,
mapilo anayi, nyali ziwiri,
ndi bafa loyera mbee, lomwe paipi yake
imangothera m'khoma, osapita kulikonse.
Lolemba lililonse ndimalikwecha bafalo
mpaka nkhope yanga ionekere pansi pake.
Silinalawepo ndi dontho lomwe.

Mayi Kornelia amalowa ndi ndalama yachitsulo m'manja.
Akaiponya pabedi n'kudumpha, wakhoza.
Ikangogona phee, yalula zonse, uyambirenso.
"Ngodya ya nsalu ithwe, Ermelinda,
yoti munthu n'kusendera papaya."
Atiphunzitsa kugogoda katatu pachitseko chopanda mwini,
kunyamula mbale zitatu pamkono umodzi,
kupinda kansalu kopukutira pakamwa kasanduke mbalame,
kunena pepani m'zilankhulo zinayi
pa mlandu womwe sitinapalamule.
Benediktus, wa phwete losamangika uja,
anamuimika pagalasi sabata yathunthu
mpaka kuseka kwake kunaphwa, kunatsala kumwetulira.

Madzulo ndimatsika chitunda ndi zigubu ziwiri
kukaima pamzere wa galimoto yogulitsa madzi.
Kuseri kwa mpanda wa hotela, dziwe losambiramo
limasefukira dala usana ndi usiku,
ati lioneke ngati lagwirana ndi nyanja.
Ine sindiyankhula. Ndimangowerengera mumtima:
zigubu zingati, masiku angati.

Tsiku la mayeso anaitana makolo adzakhale alendo.
Atate anabwera m'malaya a kutchalitchi,
nsapato zobwereka kwa amalume a Donatus,
mamba awiri a nsomba atakanirira pachigongono.
Ndinawakokera mpando.
"Takulandirani, bwana. Mwachokera kutali?"
Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.
Kenaka, mawu ali pansi: "Kutali ndithu. Kunyanja."

Mafoloko atatu ndi mipeni iwiri anazipenya
monga amapenyera mitambo ya Januwale asanakankhe bwato.
Manja aja okoka ukonde usiku wonse
anathawira pansi pa tebulo.
Ndinadzera mbali yomwe buku limanena
n'kuika mbale: kachidutswa ka nsomba
katakwera pamwamba pa masamba,
msuzi atauzunguliza m'mphepete ngati siginecha ya bwanamkubwa.
Ananunkhiza. Anatembenuza ndi foloko yolakwika.
"Iyi ndinagwira ndine, m'bandakucha wa dzulo," ananong'ona.
"Nanga mutu wake mwapatsa yani?"

Buku lathu lili ndi masamba mazana awiri,
koma funso limenelo mulibe.
Mayi Kornelia anali kumbuyo kwanga, cholembera chili m'malere.
Ndinawerama pang'ono, pa mlingo womwe tinayeserera.
"Ndikafunse kukhitchini, bwana."

Ndinapitadi.
Ndinaupeza m'beseni la zotaya, pakati pa makoko a anyezi,
diso lake likadali ngwee.
Ndinautsuka, ndinamasula mbalame yanga ya nsalu ija,
n'kuukulunga bwinobwino, ngodya zonse zakuthwa,
n'kubwera nawo pathireyi, msana uli chilili,
kudutsa makolo onse, kudutsa ahedi.

Anandichotsera malikisi asanu.
Atatu a nsalu, awiri sanandiuze.

Potsika chitunda atate anavula nsapato zija,
dzanja lina nsapato, lina kaphukusi.
Sitinayankhulane mpaka pamsika.
Pamenepo anangofunsa ngati n'zoona
kuti bafa lija lilibe madzi.
Ndinati n'zoona. Anapukusa mutu,
n'kuseka kuseka kosapimidwa pagalasi.

Msuzi wa mutuwo tinamwa tonse asanu.
Usiku, ndikusita yunifolomu ya mawa,
pakhomo pa chipinda chathu, pomwe chitseko ndi nsalu yakale,
ndinamva chala cholimba chikugogoda mzati:
kamodzi, kawiri,
kachitatu,
n'kudikira.