Misonkho Isanu ndi Iwiri

Yapitirira wani koloko usiku ku Tallinn.
Kunja chipale chofewa chikukwirira njanji
zomwe m'mawa ndikayendetsepo sitima ya mumzinda, nambala folo,
koma muno mulibe zenera, mulibe nyengo,
muli nsalu yobiriwira ndi fungo la khofi wozizira.

Mpikisano wa makadi tinauyamba anthu mazana awiri.
Tatsala khumi ndi mmodzi. Mphoto ndi za anthu khumi.
Mmodzi atuluka chimanjamanja,
ndiye aliyense akuyeza mulu wa mnzake ndi maso
monga kalipentala ayezera wodwala.

Wanga suchedwa kuwerenga.
Makobiri a dongo ongokwanira misonkho isanu ndi iwiri,
ndipo msonkho umazungulira tebulo osaphonya khomo.
Pakatha mphindi zinayi ukwera.
Isanu ndi iwiri isanduka isanu
ine ndili manja lende.

Signe wagawa.
Ndikupinda ngodya ndi chala chachikulu:
mfumu, ndi naini wa mtundu wina.
Si chuma, komanso si zinyalala.
Ndi nyali yachikasu ya pamphambano,
yosanena kuti ima, yosanena kuti pita.

Atatu ataya kale makadi awo.
Kumbuyo kwanga kwatsala awiri:
Priit Raudsepp, dokotala wa mano,
yemwe chiyambire madzulo wafungatira mulu wake ngati thadzi,
ndi Eetu, mnyamata wa ku Helsinki wobwera pa sitima ya pamadzi,
chipewa chophimba makutu,
makobiri ofika pachibwano.

Pa tebulo linalo pali bambo Endel.
Atsala ndi misonkho iwiri yokha.
Ndikuwaonera kumsana, jekete avala kale dzanja limodzi.
Mtima ukuti: dikira, Maarika,
agwe iwowo, iwe ulowe m'gulu la khumi.
Mphoto yotsirizayo ndi lendi ya miyezi iwiri
ndi nsapato za Liisu za nyengo yozizira.
Koma Endel nawo akudikira ine,
ndipo usiku uno ndawaona kawiri akufa n'kudzuka.

Masamu ndikuwadziwa.
Panopa mulu wanga ukadali ndi mano,
wouyankha ayenera kuopa kulumidwa.
Msonkho ukandidutsa kawiri udzatsala nkhama zokha,
adzandiyankha akuyasamula.

Signe wagogoda tebulo. Masekondi makumi atatu.

Ku ntchito ndinaphunzira ichi:
sitima siikhota mwa kufuna kwako, njanji inasankha kale.
Chako ndi nthawi yogwira buleki basi,
ndipo wogwira msanga ndi wogwira mochedwa
onse amagwetsa okwera.

Ndikukankha ndi manja onse awiri.
"Zonse."
Liwu latuluka louma, ngati ndikulengeza siteji.

Priit wataya osayang'ananso.
Eetu watukula chipewa khutu limodzi,
wafunsa kuti alipo angati, chonsecho akuwaona.
Maso ake ali pakhosi panga,
pomwe mtsempha umaulula za mwini wake.
Ine ndikuyang'ana kadontho ka khofi pansalu
n'kumatchula masiteji chamumtima:
Tondi,
Vineeri,
Kosmos.

Pa Kosmos wataya.

Palibe woomba m'manja.
Signe wandikankhira timakobiri tochepa,
isanu ndi iwiri yafika isanu ndi inayi ndi theka,
mfumu ndi naini abwerera chafufumimba osaonedwa ndi munthu.
Sindidzadziwa chomwe mnyamatayo anali nacho,
naye sadzadziwa changa,
mwina m'sitima yake mawa adzandiganizira pang'ono.

Kuseri kwamveka mfuu.
Endel adzukanso kachitatu, akuvula jekete.

Belu lalira, msonkho wakwera.
Ndikuwerenga mulu wanga pa mtengo watsopano,
ndikubwereza kuopa kuti ndalakwitsa:
isanu ndi iwiri.

Kwatsala maola anayi kuti ndikatsegule zitseko pa Tondi.
Signe akugawa.
Ndikupinda ngodya.