Phewa la Mbuzi

Che Ndembo a pamsika wa Ndirande
sagwira nkhwangwa pochotsa mwendo wakutsogolo.
Kampeni chabe, kotha ndi kunola,
kalowa kukhwapa kwa mbuzi,
tseee, mwendo uli m'manja.

"Ona," anatero, "pano palibe mfundo.
Fupa ili siligwirana ndi msana.
Imaligwira ndi minofu yokha."

Analipala, n'kundipatsa:
lophwatalala ngati khasu loguluka mpini,
mzere wotumphuka pakati
wogawa minda iwiri yosalingana,
kumtunda chichereŵechereŵe choyera
chimene ana amalimbirana,
kumunsi kachikho kosalala
momwe mwendo unkazungulira.

Nditalikweza padzuwa,
kuwala kunadutsa pakati pake.

Kani ndi kanthu aka
kankalandira thupi lonse
mbuzi ikamatera pamiyala ya phiri lija,
chifuwa chikulendewera pakati pa mapewa
ngati khanda m'chitenje?

Madzulo, m'minibasi ya ku Chirimba,
ndinakumbuka mayi ondipeza.
Si magazi anga, si fupa langa.
Zaka khumi ndi zinayi akundinyamula,
sanandigwetsepo.

Kondakitala anafunsa chikununkha n'chiyani.
Ndinangogwira thumba, osayankha.